Kachitsulo ka Che Jafali

Lamlungu lapitali tinadya sadaka ya masiku makumi anayi ya Che Jafali, ndipo ndinene mosapsatira kuti mpunga wake unali woipa. Pansi unapserera, pamwamba unali wauwisi, pakati pokha ndi pamene panali kamtendere. Tinadya ndithu, chifukwa chisoni sichiletsa kutafuna, koma aliyense ankayang'ana mbale yake ngati munthu amene walandira samani ya kukhoti. Shehe atasamba m'manja anayang'ana kumwamba n'kunena kuti malemu akanakhalapo sakanalola zimenezi. Palibe anaseka. Tinaitenga ngati mfundo ya chipembedzo.

Chimerereni mano ine, sadaka zimene zachitika m'dera lathu lino la Nsanama popanda Che Jafali kuima pa sefuliya ndi ziwiri zokha. Yachiwiri ndi imeneyi, ndipo chifukwa chimene sanabwerere chikumveka. Yoyambayo ndi imene yandikhazika pansi kuti ndilembe.

Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, wa kofiya yoyera ndi epuloni yoyera yosita ndi nsimbi ya makala. Pa ukwati kapena pa sadaka ankafika atangochoka ku swala ya m'mawa, ndipo ntchito yawo yoyamba inali kukana nkhuni. Zilizonse zimene mwasonkhanitsa, ankayamba azikana. Za mango ankati utsi wake umalowa mumpunga ngati miseche. Za bulugama ankati zimapsa ngati mkwiyo wa mwana. Ankafuna tsanya wouma, ndipo mukawakumbutsa kuti tsanya anatha kalekale kuno, ankakuyang'anani ngati munamumaliza ndinu. Kenako ankaphika ndi nkhuni zomwezo.

Mwini mwambo sankamufunsa kuti waitana anthu angati. Ankati mwini mwambo amawerenga abale pamene njala imawerenga mudzi. Ankangoima pamsewu kanthawi, kuyang'ana njinga zimene zayamba kutsamira pamitengo, n'kubwerera kudzalamula kuti atsuke mpunga wochuluka chonchi. Sunaperewerepo. Mchere ankathira okha, ati mchere wothira anthu awiri ndi mlandu wopanda mwini. Ankanenanso kuti mlendo amene sanakhute amakhululuka pofika Lachisanu, koma amene watafuna mchenga amakafotokoza mpaka kumanda. Motero amayi osankha mpunga ankawayendera lichero ndi lichero, ndipo ankakangana nawo m'zinenero ziwiri. Ankayamba m'Chichewa, zikavuta n'kulowa m'Chiyao, kumene mawu a ukali ndi ambiri komanso aafupi. Chaka china kunabwera amayi ophika a ganyu ochokera ku Liwonde, ndi mpunga wawo wothira utoto wachikasu. Che Jafali anaulawa mwaulemu n'kufunsa ngati wodwalayo anamutengera kale kuchipatala. Amayiwo sanabwerenso.

Iwo eni pa mwambo sankadya. Anthu akamanyambita zala, ankavula epuloni, kuipinda kanayi, n'kupita kwawo kukadya chinangwa ndi tiyi. Koma lamulo lalikulu, limene ankauza aliyense wofuna kuphunzira ntchitoyi, linali lakuti khukhi safunsa. Amayang'ana, amanunkhiza, amadziwa.

Ukhukhiwo anautenga kwa mzungu. Ali mnyamata anagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya kumunsi kwa mapiri a Machinga, kwa munthu amene dzina lake linakanika anthu onse mpaka anangomutcha Bwana Ndevu. Esitetiyo lero ndi minda ya nandolo, koma m'kamwa mwa Che Jafali Bwana Ndevu sanamwalire. Tonse tinkadziwa kuti ankasamba kawiri patsiku popanda chifukwa, kuti galu wake anali ndi bulangeti lakelake, ndiponso, koposa zonse, kuti anali ndi chifuwa ngati pampu. Lamlungu lililonse Che Jafali ankacheka mafupa a mwendo wa ng'ombe ndi sowo, kumata kukamwa kwake ndi ufa wokanda, kuwaphika, kuwakulunga m'tinsalu toyera n'kuwapereka pa kawindo kolowera m'chipinda chodyera, mmene khukhi sankaloledwa kupondamo. Mafupawo ankabwerera osasweka, opanda ngakhale chipsera cha dzino, koma m'kati muli see ngati chitoliro. Kuyamwa kokhakokha. Iwo anayesapo kuseri kwa khitchini mpaka maso kufiira, zosatheka. Pamenepa ndi pamene anamangapo chiphunzitso chawo chonse cha mmene azungu anatilandira dziko: osati mfuti, iyayi, koma mpweya.

Kwa Bwana Ndevu komweko ndi kumene kunachokera kachitsulo. Kanali ka siliva, kotalika ngati cholembera ndi theka, kopanda chogwirira chenicheni. Mbali zonse ziwiri kanali ndi ngalande ngati bango long'ambidwa pakati: mbali ina yokwana chala chaching'ono, inayo yopyapyala ngati munga wa nungu. Pakati panali kamkango kodinda, kakang'ono koti uone utatsinzina diso limodzi. Sikanali sipuni, chifukwa tiyi sakanakhalamo. Sikanali mpeni, chifukwa sikankacheka ngakhale papaya. Kankagona m'chikwama cha magalasi, ndipo kankapukutidwa ndi phulusa ndi ndimu kawirikawiri kuposa mmene ena a ife timatsukira mano.

Mpunga ukatsala pang'ono kupsa, Che Jafali ankakweza dzanja, phokoso lonse zii. Ankavundukula sefuliya, kutulutsa kachitsuloko n'kukabaya pakati pa mpunga ngati mmene ogula nandolo amabayira thumba pamsika. Kankatuluka ndi mzere wa timpunga, kuyambira ta pamwamba mpaka ta m'kati. Ankatiyang'ana kamodzikamodzi, kufinya kamodzi ndi chala, n'kugamula: kaya achotse moto, kaya aike makala pa chivundikiro. Ankakatcha Inisipekitala. Ukawafunsa kuti ndi ka chiyani, ankayankha mosaphethira kuti ndi koyezera mpunga wa anthu akuluakulu, ndipo kuti ku Ulaya nyumba iliyonse yolongosoka ili nako. Tinkakhulupirira. Ku Ulayako panalibe wa ife anapitako, ndipo mpunga unkakoma.

Munthu mmodzi yekha sankakhulupirira chilichonse chotuluka m'kamwa mwa Che Jafali. Ameneyo ndi a Filipo, Mkatolika wa korona m'khosi, wamtali ngati mlongoti, amene anagwira ntchito yotsuka ndi kumanga mabala pa chipatala china cha mishoni mpaka kupuma. Awiriwa anasewera bawo pansi pa mtengo umodzi zaka zoposa zanga, ndipo sindikukumbukira tsiku limene anagwirizanapo kanthu. Ankatsutsana za mvula, za mtunda wopita ku Balaka, za amene anayamba kuona sitima. A Filipo sankaphonya sadaka. Ankadya mbale ziwiri n'kukauza khukhi kuti mchere unachepa. Che Jafali sankaphonya Khirisimasi ya a Filipo. Ankapita ndi nkhuku yochinja okha n'kukawauza kuti nyimbo za kwaya zinatalika. Mkazi wa a Filipo atamwalira, Che Jafali anaphika masiku atatu a maliro osauzidwa ndi munthu, ndipo a Filipo, misozi ili m'maso, anawauza kuti nyemba zinalimba.

Zinthu zinasokonekera chaka chimene Hawa anapeza banja. Hawa ndi mdzukulu wawo, amene anamulera okha kuchokera pamene mayi ake anamwalira iye akukwawa. Ali mwana ankakana phala, ndipo njira yokhayo yomudyetsera inali kumuuza kuti Inisipekitala wabwera kudzaona ngati m'kamwa muli malo. Mwana anakula ndi phala la mu siliva. Pa ukwati wake agogo ake analima okha mpunga kudambo, kuupuntha, kuusunga m'matumba m'chipinda chawo chogona, ndipo ankauza aliyense kuti maukwati onse amene anaphika kale anali kuyeserera chabe.

Kutatsala masabata anayi, masana ena Che Jafali anawadya a Filipo bawo katatu kotsatizana. Monga munthu wodzichepetsa, anatulutsa kachitsulo kaja n'kuyamba kukapukuta pang'onopang'ono akuimba kanyimbo.

"Pukutani ndithu, achimwene," anatero a Filipo. "Mafinya sachoka msanga."

"Mafinya a chiyani?"

"Kameneko ine ndimakadziwa. Kuchipatala tinali nato khumi. Tinkakokotera zilonda zonyeka, zakuya zija. Mbali yaikuluyo ya akulu, yaing'onoyo ya ana."

Anali macheza, ndipo onse awiri ankadziwa. Koma pafupi panali amayi atatu ogulitsa zitumbuwa amene sankadziwa, ndipo mmodzi wa iwo anaitana ine. Apa ndiyenera kuulula gawo langa. Ndinakhalako ku koleji ya zaumoyo chaka ndi theka, mpaka ine ndi mayeso tinagwirizana zosiyana mwamtendere, ndipo chifukwa cha zimenezi anthu kwathu amandionetsa zotupa zawo. Ndinakalandira kachitsuloko, kukayang'ana padzuwa, kukatembenuza, n'kunena liwu limodzi lokha: "Kakufanana."

Liwu limenelo linafika ku Ulongwe, kwawo kwa mkwati, minibasi ya madzulo isanafike. Pofika Lachisanu kunali amayi amene anakumbukira kuti anatsegula m'mimba pa ukwati wina zaka khumi zapitazo. Ena analavula malovu a mpunga umene anadya ali atsikana. A Filipo anayendayenda kuuza anthu kuti anali macheza a pa bawo, koma anthu anati awagula ndi mpunga. Ndipo atafunsidwa ngati angalumbire pa korona kuti kachitsuloko si ka kuchipatala, anakanda mutu nati kulumbira ndi nkhani ina, chifukwa kunena zoona kakufananadi. Sabata imeneyo kunali sadaka kwa Che Mussa. Che Jafali anasita epuloni, kuvala kofiya, kukhala pakhonde. Anakhala mpaka dzuwa kufika pamutu. Palibe anabwera kudzawatenga.

Kenako kunabwera Che Amidu, amalume a mkwati, wogulitsa chimanga pa Ulongwe, munthu wa mimba yolemekezeka. Nkhani inakakambidwa pakhonde la shehe.

"Ife ndi mwana tilibe naye chifukwa," anatero Che Amidu. "Mwana ndi wabwino. Koma abale athu sangadye chakudya chimene mwalowa chitsulo cha m'zilonda. Aphike ena."

Shehe, munthu wokonda mtendere ndi mpunga, anayesa kukonza. Anati kachitsuloko kagone kunyumba tsiku limenelo, Che Jafali aphike ndi chipande ngati anthu ena onse.

"Iyayi, shehe, nkhani si ya tsiku limenelo. Munthu wadyetsa dziko lonse chinthu chimenechi zaka zonsezi, dzanja lake tilikhulupirira bwanji? Atiuze kaye kuti ndi ka chiyani. Za ku Ulayazo tinamva. Anakaonapo ndi maso awo kakugwira ntchito?"

Shehe anatembenuka. "Che Jafali, pamaso pa Mulungu. Munakaonapo?"

Hawa anali kuseri kwa chitseko ndi amayi ena, ndipo ndikukhulupirira kuti agogo ake ankadziwa.

"Sindinakaonepo," anatero. "Ntchito yake sindiidziwa."

Anafotokoza akuyang'ana mawondo awo. Zasiliva zonse kwa Bwana Ndevu zinkakhala m'kabati yokiya, ndipo ankazitsuka a m'chipinda chodyera, osati khukhi. Tsiku limene azunguwo ankachoka, dona anaika antchito pamzere n'kupatsa aliyense kanthu. Kwa iwo anawafumbatitsa kachitsuloka akuseka, akulankhula Chizungu chothamanga. Anyamata a m'dimba ankaonerera. Khukhi wamkulu akanafunsa bwanji pamaso pa anthu osenza manyowa? Anangoti sikomo, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wakhala akukadikira. Ntchito anachita kukapezera okha.

Che Amidu anaika mfundo imodzi: apezeke munthu amene anakaona kakugwira ntchito, ndipo a Filipo, eni mlandu, akamve okha ndi makutu awo. Zikatero, aphike. Zikakanika, mpunga wa kudambo uja auphike ena, agogo akhale pampando ngati alendo.

Mwa antchito onse a kwa Bwana Ndevu kunatsala mmodzi: a Esitere, amene ankapereka chakudya patebulo, ndipo ankakhala kwa mwana wawo ku Chiuta. Che Jafali anali asanawaone zaka zambirimbiri, ndipo sankaoneka ngati munthu wowasowa. Tinanyamuka m'mawa anthu atatu pa njinga zamoto zitatu: woimbidwa mlandu, woimba mlandu, ndi ine, woimira sayansi.

Ku Chiuta mphuno imafika mwini wake asanafike. Tinadutsa pakati pa matandala oyanikapo nsomba, n'kuwapeza a Esitere pansi pa kachisakasa akusankha matemba ndi manja okha, maso atachita ng'ala.

"Odi, mayi."

"Odini. Ndani ameneyo wa mawu a m'mphuno?"

"Ndine Jafali. Wa kwa Bwana Ndevu."

Anasiya matemba. "Jafali? Iwe uja unapsereza keke ya Khirisimasi n'kunamizira nkhuni? Ukadali moyo?"

Ine ndi a Filipo tinayang'ana kunyanja. Munthu amene shehe amamupatsa mpando, kutchulidwa iwe masanasana, pamaso pa matemba.

"Nkhunizo zinali za mango," anatero Che Jafali motsitsa mawu.

Tinapereka shuga ndi masamba a tiyi zimene tinatenga. A Filipo anayamba kufotokoza nkhani kuyambira pa mitundu ya zilonda, koma a Esitere anatambasula dzanja. "Zambirizo mukauze a kwanu. Tandipatsani kuno ndikaone."

Anayendetsa chala chachikulu mu ngalande, mbali iyi, mbali inayo. Pakati chikhadabo chinakodwa, ndipo nkhope yonse inatseguka.

"Kamkango kaja! Aka ine ndakapukuta mpaka zala kutupa. Ndiye kanapita ndi iwe? Ine anandipatsa beseni lobooka."

"Ndi ka chiyani, mayi?" ndinafunsa, m'malo mwa sayansi.

"Ka mafupa."

A Filipo anadzuka. "Mafupa a odwala?"

"Bambo aataliwa ndi ndani? Takhalani pansi, mukunditchingira mphepo. Mafupa a patebulo."

"A nyama yanji?" anafunsa Che Jafali, ndipo mawu awo anachepa. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti panali chinthu china chimene ankachiopa kuposa zilonda, chimene ngakhale Che Amidu sanachiganizire, chimene mwina anakhala akuchikankhira kumbuyo kwa mtima zaka zonse zimene ankaphikira Asilamu anzawo.

A Esitere anamva manthawo, ndipo sanafulumire. Anafunsa ngati shuga uja ndi paketi yathunthu. Anathamangitsa nkhuku. Anadandaula za bondo.

"Ukuopa nkhumba, eti? Fupa la nkhumba muli chiyani choti munthu avutikire? A ng'ombe, wopusa iwe. Omwe aja unkacheka wekha ndi sowo Lamlungu."

Anatuma kuti awathyolere bango. Analidzaza matope ndi chala, kuliimika pa bondo, kulowetsa kachitsulo, kupotoza kamodzi, kukoka. Matope onse anatuluka atagona mu ngalande ngati mwana m'chikuta, bango n'kutsala see.

"Basi. Mafuta a m'kati mwa fupa. Mbali iyi ya fupa lalikulu, iyi ya laling'ono. Amapaka pa buledi wowotcha, kamchere pamwamba."

Che Jafali anayang'ana bango, kuyang'ana kachitsulo, kuyang'ananso bango.

"Ndiye kuti Bwana sankayamwa?"

"Ayamwe ndi chiyani? Munthu mano ake ankagona m'kapu ya madzi, chifuwa cha mphumu. Masitepe atatu ankapumira pakati."

Ndaonapo anthu akulandira uthenga wa maliro ndi nkhope yofewa kuposa imeneyo. Mbiri yonse ya utsamunda inagwa pamchenga ife tikuona. Kenako mapewa a Che Jafali anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka kofiya kugwera m'matemba.

"Esitere, ine ndinatsala pang'ono kutuluka maso kuseri kwa khitchini kuja!"

"Ndinkakuona pawindo. Ndinkati ukuphunzira lipenga."

"Osandiuza bwanji?"

"Unandifunsa?"

Pobwerera, titaima kuti oyendetsa amwe madzi, a Filipo anauza Che Jafali kuti iwo anangonena mwa macheza, amene anatsimikiza ndi wasayansi. Che Jafali anavomereza. Aka kanali koyamba m'mbiri kuti awiriwa agwirizane, ndipo ndimanyadira kuti zinachitikira pamsana panga.

Umboni a Filipo anakaupereka bwino pa Ulongwe, atavala jekete, ndipo anawonjezera bango ndi matope kuti Che Amidu aone okha. Ukwati wa Hawa anaphika ndi Che Jafali. Nkhuni anazikana mokondwa kuposa kale. Mpunga utatsala pang'ono kupsa anakweza dzanja, phokoso zii, anthu n'kusendera pafupi kuti aone Inisipekitala akubwerera pantchito. Koma chikwama cha magalasi sichinatuluke. Anangovundukula, kununkhiza, kutchera khutu, n'kulamula kuti achotse moto. Mayi wina atafunsa, anayankha kuti chinthu chimene ukuidziwa ntchito yake sungachitumenso kwina, kuti anakazunza kokwana, ndiponso kuti mpunga iwo ankaudziwa ndi mphuno kuyambira kale. Kachitsuloko kankathandiza kuti amayi akhale chete.

Alendo atakhala, Che Jafali anatuluka okha atanyamula mbale imodzi. Munali fupa la mwendo wa ng'ombe, loima, lovekedwa kansalu koyera ngati nalonso likukwatiwa. Analiika patsogolo pa Che Amidu.

"Alendo olemekezeka amayamba ndi ichi."

Che Amidu anayang'ana uku ndi uku, kulinyamula fupalo, kuliika pakamwa n'kukoka mpweya.

"Iyayi, iyayi, achimwene, mufa. Ine ndinayesa." Anawapatsa kachitsulo.

Che Amidu anakagwira ngati akugwira njoka yogona. Analowetsa, kupotoza, kukoka. Analawa. Anatseka maso nthawi yaitali ndithu, anthu onse akudikira chigamulo.

"Lilipo lina?"

Kumbali ya amayi kunaphulika nthungululu, ndipo Hawa, popeza mkwatibwi sayenera kuoneka mano, anabisa nkhope mu mpango mapewa akugwedezeka. Tsiku limenelo Che Jafali anadya pa mwambo. Anakhala pamphasa ndi epuloni yawo, n'kudya mbale yathunthu ya mpunga wawo womwe. A Filipo anati mchere unachepa.

Zaka zinayi zimene Che Jafali anakhala ndi moyo zitachitika izi, ine ndimaziona ngati zabwino kuposa zonse. Anayamba kufunsa. Ankafunsa oyendetsa njinga chimene chimalira mu injini, ankafunsa amayi chifukwa chimene amathirira chidulo m'therere, zinthu zoti akanafunsa ali ndi tsitsi lakuda, ndipo yankho lililonse ankalilandira mokayikira. Loweruka lililonse ankakumana ndi a Filipo kuseri kwa butchala ya Che Twaibu, pa benchi la thabwa limodzi lokhazika pa zitsa ziwiri. Anamukakamiza Che Twaibu kugula sowo, ati nkhwangwa imaphwanya fupa ngati ili nalo chifukwa. Mafupa ankawaphika pa mbaula pomwepo, buledi n'kumuwotcha pambali, ndipo madala awiri amene mano awo onse pamodzi sakanadzaza kamwa limodzi ankapatsana kachitsulo ka siliva, kukangana kuti mbali yaikulu ndi ya ndani.

Che Jafali anadwala masiku anayi okha. Tsiku lachitatu anaitana a Filipo n'kuwafumbatitsa chikwama cha magalasi, ati katundu wa chipatala abwerere kwa eni ake. A Filipo anayankha kuti akapukutabe, mafinya sachoka msanga. Anaseka onse awiri, wina n'kutsokomola, winayo n'kutuluka panja kanthawi.

Dzulo, Loweruka, ndinadutsa kuseri kwa butchala kuja. Sowo ili pa msomali, yayamba dzimbiri m'mano, ndipo Che Twaibu wabwerera ku nkhwangwa. Tizidutswa ta mafupa tikuulukanso mpaka pamsewu, agalu akuyamika. Mbaula aivundikira pansi, pamwamba pake pakhala nkhuku. Benchi lilipo. Mbali ina ya thabwa ndi yosalala, yakuda, yolowa pang'ono, kukula kwake ngati kwa munthu wamfupi. Mbali inayo panali a Filipo, chikwama cha magalasi chikuonekera m'thumba la malaya, ndipo popeza thabwalo limapendekeka munthu akakhala yekha kumapeto, anachita kusendera pakati pang'ono, koma osafika posalalapo.

Kunabwera wogula nandolo wina, mlendo, ndi mbale ya nyama yowotcha, n'kufuna kukhala pamenepo.

"Apo pali eni ake," anatero a Filipo osamuyang'ana.

"Pepani, agogo. Apita kuti?"

"Achedwa. Ndi khalidwe lawo, munthu ameneyo sanasungepo nthawi."

Linali bodza lamkunkhuniza. Che Jafali sanachedwepo pa chilichonse moyo wawo wonse, ndipo a Filipo ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe. Atanena anapendeketsa khutu kumbali yosalalayo, n'kudikira.